Akuti atipatsa "support": kodi ndalamazi tidzabweza kapena ndi zathu?

Mayi a Tiwonge: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano, monire mose. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ine ndine mlembi wa banki mkhonde yathu kuno ku Chibavi, tilipo amayi 20. Sabata yatha kunabwera anyamata awiri a bungwe lina, makadi ali lendelende m'khosi, nkunena kuti akufuna kutipatsa "support" ya K2,000,000 kuti tikuze mabizinesi athu. Potimasulira anati ndi thandizo. Amayi analulutira mpaka ana anathamangira kudzaona chachitika. Dzulo atumiza kalata ya masamba atatu, yonse m'Chingerezi, ndipo mawu oti "support" ndawaona kamodzi kokha, pamwamba penipeni. M'kati monse akungoti "soft loan", pena "revolving fund", pena "facility". Anzanga ena akuumirira kuti ndi "grant". Lachinayi tikumana kuti tisaine. Odziwa Chingerezi tithandizeni, mawu amenewa ndi amodzi kapena ayi?

Mnyamata wa Kabaza: Amayi musadandaule. "Soft" ndiye kuti yofewa. Bizinesi ikagwa amakukhululukirani, ndinamva choncho pa siteji ku Luwinga.

NyaLongwe wa ku Zolozolo: Aise, za pa siteji uzizisiya pa siteji pomwepo. Uwalowetsa m'madzi amayi athuwa.

Aphunzitsi Opuma: Mayi a Tiwonge, musasaine kaye. Tiyeni tiwayale mawuwa pamphasa, chifukwa akufanana nkhope koma si ana a mayi mmodzi.

"Loan" ndi ngongole basi. Ibwerera kwa mwini wake, ndipo kawirikawiri ibwerera itabereka. "Soft loan" ndi ngongole yomweyo, kufewa kwake nkwakuti chiwongoladzanja chake chimakhala chotsikirapo, kapena amakupatsani nthawi yaitali yobwezera. Koma kufewa si kukhululuka. Nsima yofewa ndi nsima ndithu, siisanduka phala.

"Grant" ndi ndalama zomwe simubweza, koma zimabwera ndi ntchito yake. Akakupatsani kuti mugule makina osokera, inu nkukagula malata, ali ndi mphamvu yoitanitsa ndalama zawo. "Donation" ndiye chopereka, monga zomwe timasonkha pamaliro kapena pomanga tchalitchi.

"Revolving fund" ndi thumba lozungulira. Inu mukabweza, ndalamazo zipita kwa gulu lina, ilonso likabweza zipita kwina. Thumba loti lizungulire limafuna wobweza, ndiye mawu amenewa okha akukuuzani kale yankho. "Facility" ndi chinenero cha ku banki, kutanthauza mwayi wa ngongole womwe akutsegulirani.

Tsono "support" ndiye dengu lalikulu. M'menemo mungakhale mphatso, ngongole, maphunziro, ngakhale kungobwera kudzakulimbikitsani ndi pakamwa. Anyamatawo sananame ponena kuti thandizo, koma sanakuuzeni zomwe zili m'dengumo.

Mayi a Tiwonge: Mayo ine. Ndiye kuti tinalulutira ngongole?

NyaLongwe wa ku Zolozolo: Mwalulutira ngongole asisi, koma si inu oyamba.

Lusungu wa ku Mzuni: Aphunzitsi anena zoona. Ifenso kuno timazionera pa dzina la bungwe lomwe limatithandiza fizi, Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Mawu onse awiri ali m'dzinamo, ndipo sanawaikemo kuti dzina litalike. "Loans" ndi zomwe ambirife timalandira, ndipo tidzabweza tikamaliza. "Grants" zimapita kwa ochita bwino kwambiri m'kalasi. Koma agogo anga ku Ekwendeni amauza aliyense kuti "mdzukulu wanga boma likumulipirira". Ndikawauza kuti ndi ngongole amaseka, amati ngongole yanji yopanda chikole.

Palinso "bursary" ndi "scholarship". Kawirikawiri "bursary" amayang'ana kusowa kwako, "scholarship" amayang'ana kukhoza kwako. Zonsezi kumudzi zimangotchedwa kulipiriridwa.

Achimwene a ku Joni: Moni kumudziko. Ine ndimadziwa kuti "aid" ndiye yaulere nthawi zonse. Akanalemba "aid" mukanangosaina mutatsinzina.

Adada a Vitumbiko: Ayi achimwene, pamenepo mwaphonya. "Aid" nalonso ndi dengu ngati "support". Thandizo lomwe maiko ndi mabungwe akunja amapereka ku boma limakhala ndi mbali ziwiri, zina zaulere, zina ngongole zofewa zobweza zaka zambiri. Ikanakhala yonse yaulere, mu 2006 muja dziko lino linakhululukidwa ngongole zambiri zakunja pansi pa ndondomeko ya HIPC, akanatikhululukira chiyani?

Achimwene a ku Joni: Ndagonja adada. Kuno timangothamanga ndi ntchito, Chingerezi chathu ndi cha m'shopu.

Mayi a Tiwonge: Chabwino. Ndikufuna ndiwalembere kalata yofunsa bwinobwino tisanakumane. Ndayamba chonchi: "We thank you for wanting to borrow us money." Zili bwino?

Lusungu wa ku Mzuni: Amayi pepani, koma mwalemba kuti mukuwathokoza chifukwa akufuna kubwereka inuyo, ngati ndinu mpando wa pa ukwati.

Mnyamata wa Kabaza: Kkkkk koma Lusungu. Nanga cholakwika nchiyani? Ine kuyambira Sitandade 5 ndimati "borrow me your pen" ndipo cholembera ndimalandira.

Aphunzitsi Opuma: Umalandira chifukwa wokupatsayo nayenso amaganiza m'Chichewa. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zoposa 30, ndipo cholakwa ichi ndachidula ndi cholembera chofiira kuposa china chilichonse. Poyamba ndinkakalipa. Kenako ndinazindikira kuti ana sakulakwa mwaumbuli, akutsata bwino lamulo, koma la chinenero china.

Taonani. Ife timati "ndabwereka khasu kwa aNgwira", timatinso "aNgwira andibwereka khasu". Mneni ndi mmodzi, kubwereka, ndipo amayenda njira zonse ziwiri. Chomwe chimatiuza wopereka ndi wolandira ndi tizidutswa tomwe taphatikako. Chingerezi chinagawa ntchitoyi pawiri. "Borrow" ndi wa wolandira, katundu akubwera kwa iwe, ndipo amayenda ndi "from". "Lend" ndi wa wopereka, katundu akuchoka kwa iwe, ndipo amayenda ndi "to" kapena dzina la munthuyo. Ndiye Mayi a Tiwonge, bungwelo likufuna "to lend you money", inu mukufuna "to borrow money from them".

Njira yosavuta yokumbukira ili m'Chichewa mwathu momwemu. Tili ndi kukongola ndi kukongoza. Wokongola ndi wa "borrow", wokongoza ndi wa "lend". Palibe Mmalawi amasokoneza awiriwa, chifukwa akudziwa yemwe adzagogode pakhomo pa mnzake mwezi ukatha.

NyaLongwe wa ku Zolozolo: Aphunzitsi, pamenepa mwanditsegula maso. Komanso ndaona kanthu kena. Ife timasiyanitsa zomwe azungu sasiyanitsa. Khasu umabwereka, chifukwa libwerera lomwelo ndi mpini wake womwewo. Ufa kapena ndalama umakongola, chifukwa womwe watengawo udya, udzabweza wina. Iwo zonsezi ndi "borrow" basi?

Aphunzitsi Opuma: Zonsezo ndi "borrow", NyaLongwe. Mwaona bwino kwambiri, ngakhale masiku ano ambiri akumati kubwereka ndalama, mwina chifukwa kukongola kumamveka kolemera pakamwa.

Mnyamata wa Kabaza: Nanga lendi? Ine ndimakhala nyumba ya lendi ku Mchengautuba. Ndiye kuti alandilodi "anandilenda" nyumba?

Lusungu wa ku Mzuni: Ayi achimwene, lendi wathuyu anachokera ku "rent", osati "lend". Lilime lathu silisiyanitsa l ndi r, ndiye mawu awiriwa anagwera mumphika umodzi. Akakupatsa "lend" nyumba ndiye kuti ukhalamo mwaulere ngati m'bale. "Rent" umalipira mwezi ndi mwezi.

Mnyamata wa Kabaza: Alandilodi anga mawu oti "lend" sanawamvepo chibadwire. Pa 1 pakangokwana ali pakhomo, mvula ya Mzuzu ikugwa iwo ali ndi ambulera.

Nanga njinga yamoto yomwe ndimayendetsayi? Si yanga, ndimapereka ndalama kwa bwana madzulo aliwonse.

Aphunzitsi Opuma: Imeneyo ndi "hire", komwe kunachokera mawu athu oti hayala. Pa Chingerezi cha ku Britain chomwe timaphunzitsa m'sukulu zathu, "hire" ndi wa kanthawi kochepa, galimoto ya maliro, matenti, zokuzira mawu. "Rent" ndi wa nthawi yotalikirapo, nyumba kapena shopu. "Lease" ndi wolemberana wa zaka, monga malo a m'tauni. A ku America amati "rent" ngakhale pa galimoto ya tsiku limodzi.

Achimwene a ku Joni: Koma azungu anatani kuti akhale ndi mawu ambirimbiri pa chinthu chimodzi? Amangofuna kutizunza.

Aphunzitsi Opuma: Nawonso anazunzidwa, achimwene. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana olamulira, oweruza ndi olemera a kumeneko ankayankhula Chifalansa, pomwe anthu wamba anapitiriza chinenero chawo chakale. Zotsatira zake nzoti chinthu chimodzi chinakhala ndi dzina la kumunda ndi dzina la kunyumba ya mfumu. Ng'ombe ikakhala m'khola ndi "cow", mawu a woweta. Ikafika pa mbale ndi "beef", mawu ochokera ku Chifalansa. Chimodzimodzi "pig" ndi "pork", "sheep" ndi "mutton". Pamwamba pa apo panadzabwera Chilatini cha m'tchalitchi ndi m'sukulu. Nchifukwa chake "ask" ndi kufunsa kwa tsiku ndi tsiku, pomwe "interrogate" ndi kufunsa kwa kupolisi.

M'kalata ya Mayi a Tiwonge muli mitundu yonseyi. "Borrow" ndi "lend" ndi Chingerezi chakale chenicheni. "Loan" anabwera ndi anthu a ku Scandinavia aja ankaukira England pa ngalawa. "Grant" anadzera ku Chifalansa. Chinenero cha malamulo ndi ndalama chinatsamira kwambiri ku Chifalansa ndi Chilatini, nchifukwa chake munthu woti amacheza Chingerezi bwinobwino amatha kuima mutu akaona fomu ya ngongole.

Ifenso tisadzione oyera. Nsapato ndi mbatata tinatenga kwa Apwitikizi, sukulu ndi buku kwa Angerezi. Akatswiri amati ndi mawu obwereka, koma sindinamvepo kuti tinabwezako ndi limodzi lomwe.

Mnyamata wa Kabaza: Ndiye kuti imeneyo inali "grant" aphunzitsi.

NyaLongwe wa ku Zolozolo: Kkkk mwana uyu wayamba kukhoza.

Lusungu wa ku Mzuni: Amayi, polemba kalatayo mungathe kugwiritsa ntchito thesaurus ya pa foni, imakupatsani mawu ofanana kuti musabwerezebwereze.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga Lusungu, pa kalata iyi ayi. Buku la mtundu umenewo, lomwe Peter Mark Roget anatulutsa koyamba mu 1852, limasonkhanitsa mawu oyandikana, silinena kuti ndi amodzi. Ndi lothandiza kwa munthu yemwe akuwadziwa kale mawuwo koma limodzi lamuthawa. Kwa yemwe sakuwadziwa ndi msampha. Mnyamata wina wa Fomu 4 analemba chimangirizo chotamanda malume ake, ndipo pofuna kukometsa anachotsa "famous" nkuikapo "notorious". M'Chichewa onsewa ndi kutchuka. Koma "notorious" ndi kutchuka ndi zoipa, monga mbava yomwe tauni yonse ikuidziwa. Malumewo anali mkulu wa mpingo. Pa kalata ya ndalama bwerezani liwu lomwelo kakhumi ngati nkofunika, kukongola kwa chimangirizo tisiyire MANEB.

Adimini: Abale, nkhani yakoma koma tisawaiwale Mayi a Tiwonge. Lachinayi si kutali. Amayi, pali china m'kalatamo chomwe chikukuvutani?

Mayi a Tiwonge: Yewo chomene a Adimini. Tsamba lachitatu ndiye landizunguza mutu. Pali mizere iwiri yosainapo pansi pa dzina la membala aliyense. Wina alemba "witness", wina "guarantor". Anyamata aja anati aliyense abwere ndi mboni ziwiri. Amuna anga avomera kale kukhala mboni yanga, ndipo mlamu wanga akuti asainira amayi atatu chifukwa ali ndi chitupa cha ntchito. Palinso chiganizo ichi: "Members shall be jointly and severally liable." Ine ndamva kuti mamembala angapo ndiwo adzayankhe, poti "several" ndi angapo. Mwina akunena ife a komiti?

Adada a Vitumbiko: Amama, imani pomwepo. Mlamu wanuyo muuzeni asagwire cholembera mpaka amve izi. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti zaka zambiri, ndipo anthu omwe ndinawaona akulira pakhonde chifukwa cha liwu loti mboni ndi osawerengeka.

"Witness" ndi mboni yeniyeni. Ntchito yake ndi maso basi. Akusainira kuti ndinaona uje akusaina pepala ili tsiku lakuti. Ngongole ikavuta, iye alibe mlandu, angathe kungoitanidwa kudzanena zomwe anaona.

"Guarantor" si mboni, ngakhale tonse timamutchula choncho. Iyeyu akulonjeza kuti wokongolayu akalephera, ndidzalipira ndine. Ndi chikole choyenda ndi miyendo. Nchifukwa chake amafuna munthu wa chitupa cha ntchito, akuyang'ana malipiro ake. Mlamu wanu akasainira amayi atatu pa mzere umenewo, wasenza ngongole zitatu zomwe sanadyeko ndi tambala yomwe.

Kukhoti kulinso "surety", uja amaimira munthu pa belo. Nayenso timati mboni. Koma woimiridwayo akathawa, ndalama zomwe munalonjeza zija khoti lidzazifuna kwa inu. Anthu atatu osiyana, ife dzina limodzi.

Tsono "severally" musamuone kufanana ndi "several". Pa chinenero cha malamulo amatanthauza aliyense payekha. "Jointly and severally liable" ndiye kuti ngongoleyo ndi ya nonse pamodzi, komanso ndi ya aliyense payekha, yonse yathunthu. Amayi 19 atasowa, bungwelo lili ndi ufulu wofuna K2,000,000 yonse kwa mmodzi wotsalayo, osati K100,000 yake yokha. Ndipo safunika kuyamba ndi yemwe walephera, angathe kuyamba ndi yemwe ali ndi katundu wooneka. Zokatolera kwa anzanuwo zimakhala zanu.

Mayi a Tiwonge: Adada, thupi langa lazizira. Pagulu pathu wa nyumba ya malata ndi filiji ndine ndi amayi ena awiri basi.

NyaLongwe wa ku Zolozolo: Asisi, mverani adadawa. Ine zinandionekera, sindikamba zongomva. Mnzanga yemwe tinkagulitsa limodzi zitenje mu Taifa anandipempha kuti ndikhale mboni yake pa ngongole ya ku kabungwe kena kobwereketsa ndalama. Anati ndi kungosaina, mphindi ziwiri. Ndinasaina nditaimirira, kasitomala akundidikira. Patatha miyezi isanu mnzanga uja anapita ku Tanzania kukaoda katundu, mpaka lero akuodabe. Anabwera kwa ine ndi pepala lija, chala chili pa liwu lomwe ndinasainapo. Ndinati ine ndinali mboni chabe. Anati mayi werengani. Ndinawerenga, koma kuwerenga kwake kunali kochedwa. Ndinalipira miyezi isanu ndi iwiri, makina anga osokera anapita. Chomwe chimandiwawa mpaka pano si ndalama, koma kuti liwulo ndinaliona ndithu tsiku losainalo, ndipo mumtima ndinati ndi Chingerezi china chonenera mboni.

Achimwene a ku Joni: Pepani asisi. Zoterezi kuno ziliponso, anthu amasaina mapepala a nyumba osadziwa kuti alonjeza chaka chathunthu.

Mnyamata wa Kabaza: Ndiye vuto ndi Chichewa chathuchi eti? Mawu ndi ochepa. Mboni mboni mboni, ngongole ngongole ngongole. Azungu ali ndi "loan", "debt", "credit", ife limodzi.

Aphunzitsi Opuma: Usachinyoze chinenero cha amako. Chinenero chilichonse chimachulukitsa mawu pomwe eni ake amakhalitsa. Mzungu ali ndi "wash" mmodzi. Iwe umasamba thupi, umasukusula nkhope, umachapa zovala, umatsuka mbale. Utauza mlendo kuti akachape m'manja nsima yapsa, angakuyang'ane bwanji? Iye ali ndi "carry", iwe umasenza pamutu, umabereka kumsana, umanyamula m'manja, umapachira paphewa. "Uncle" wake ndi mmodzi, pomwe iwe ukudziwa kuti amalume ndi ena, bambo aang'ono ndi ena, ndipo pa nkhani ya ukwati sungawasinthanitse. Mzungu wophunzira Chichewa amavutika ndi zimenezi monga momwe iwe ukuvutikira ndi "guarantor".

Angerezi akhala ndi mabanki, makhoti a mapepala ndi maloya kwa zaka mazanamazana, ndiye mawu awo anachulukira kumeneko. Ndipo si kuti Chichewa sichingathe kunena. Adada a Vitumbiko angomasulira zonse pamwambapa m'Chichewa chomveka. Tikanati "wolonjeza kulipira" m'malo mwa mboni, NyaLongwe akanasaina ataimirira?

NyaLongwe wa ku Zolozolo: Ndikanathawa osatseka ndi shopu yomwe.

Lusungu wa ku Mzuni: Funso la "loan", "debt" ndi "credit" lija lisapite. Momwe ndimamvera ine, "loan" ndi ndalama zomwe wapatsidwa, "debt" ndi zomwe uli nazo pakhosi kuti ubweze, kaya zinachokera ku "loan" kaya ku bilu ya madzi, ndipo "credit" ndi kukhulupiriridwa kuti tenga lero udzalipira mawa, monga shuga wa pa kabuku ku hokala.

Aphunzitsi Opuma: Wakhoza, sindiwonjezerapo.

Adada a Vitumbiko: Amama, muonenso mawu awiri aang'ono, "shall" ndi "may". M'pepala la mgwirizano "shall" ndi lamulo, palibe kukambirana. "May" ndi chilolezo, angathe kuchita kapena ayi. Muwerenge kuti "shall" ali pa ndani, "may" ali pa ndani. Mapepala ambiri omwe ndinawaona, wokongola amakhala ndi "shall" yekhayekha, wokongoza "may" yekhayekha.

Mayi a Tiwonge: Ndawerenga. "Members shall repay monthly." Kenako "The organisation may provide business training." Ndiye kuti maphunziro aja anatilonjeza ndi pakamwa angathe osabwera?

Adada a Vitumbiko: Angathe osabwera, ndipo simungawagwire pena paliponse.

Mayi a Tiwonge: Nanga "grace period of two months"? Amayi a tcheya akuti miyezi iwiri yoyamba ndi ya chisomo, ndiye kuti yaulere.

Lusungu wa ku Mzuni: Chisomo cha kutchalitchi ndi china amayi. Apa akungoti miyezi iwiri simuyamba kubweza. Koma mufunse ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa m'miyezi imeneyo, chifukwa nthawi zambiri chimakhala chikuyenda mwakachetechete. "Grace period" ndi "interest-free period" si chinthu chimodzi.

Muonenso ngati alemba "flat rate" kapena "reducing balance". Tiyerekeze mwatenga K100,000 pa 3 peresenti pamwezi, kubweza miyezi 10. Pa "flat" amawerengera pa K100,000 yonse mwezi uliwonse ngakhale mwabweza kale theka, ndiye chiwongoladzanja chonse ndi K30,000. Pa "reducing" amawerengera pa zomwe zatsala, mukamabweza K10,000 mwezi uliwonse chimakwana K16,500. Peresenti yomweyo, miyezi yomweyo. Ndipo muonetsetse ngati ndi "per month" kapena "per annum", pamwezi kapena pachaka.

Mnyamata wa Kabaza: Apa ndiye katapila wovala tayi.

Adada a Vitumbiko: Ayi mwana wanga, tisawaweruze tisanamve. Mwina ngongoleyo ndi yabwino ndithu poyerekeza ndi zina, ndipo ngongole ya pagulu yatukula amayi ambiri. Palibe cholakwika kuti bungwe lifune ndalama zake. Chomwe tikukana nchoti amayi 20 asaine akuganiza kuti alandira mphatso.

Mayi a Tiwonge: Alemba "flat", pamwezi. Pansi penipeni pali mzere woti "I have read and understood the terms." Pamenepa ndiye ndaseka ndekha. Tsiku lija atamaliza kuyankhula anafunsa kuti mwamva amayi? Tonse tinati tamva!

Aphunzitsi Opuma: Apo ndiye mwafika pa liwu lomwe ndimalikonda kuposa onse. Kumva kwathu kumasenza katundu wa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a Chingerezi. Ndamva phokoso ndi "hear". Ndamva kuzizira ndi "feel". Ndamva fungo ndi "smell". Ndamva kukoma ndi "taste". Mwana wosamva si wogontha, ndi wosamvera, "obey". Ndipo ndamva Chingerezi ndi "understand". Nchifukwa chake ana athu amalemba "I am hearing cold" mwezi wa June kuno ku Mzuzu, ndipo sanganamizidwe, kumazizira ndithu.

Tsiku lija munachita "hear". Ena mwa inu munachita "listen", kutchera khutu mwadala. Koma mzere mukusainawo ukunena "understood", kumvetsa. Ndipo kukhoti sakafunsa kuti munamva, akaonetsa siginecha yanu pansi pa liwu limenelo.

Mayi a Tiwonge: Aphunzitsi, ndilembereni mafunso oti ndiwatumizire mawa, achidule, ndisadzachitenso za "borrow us".

Aphunzitsi Opuma: Lembani motere, musakometse: "Is this money a loan or a grant? Does interest run during the grace period? What is the total amount each member will repay? If one member fails to pay, who pays? Please send us this agreement in Chichewa or Tumbuka before we sign." Yankho lake alembe papepala, lisakhale la pafoni.

Adada a Vitumbiko: Muwonjezere kuti akupatseni kope yanu yosainidwa. Ambiri amasaina pepala limodzi lokha, nkupita nalo eni ake.

Achimwene a ku Joni: Mutiuze zotsatira amayi, ife tili kuno tikudikira ngati mpira wa Bullets ndi Wanderers.

Mayi a Tiwonge: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi lipoti la dzulo. Anyamata aja anabwera ndi bwana wawo, mayi waulemu ndithu, ndipo anayankha mafunso onse osabisa. Ndi ngongole. Chiwongoladzanja chimayenda ngakhale m'miyezi ya chisomo ija. Nditamasulira za "severally" m'Chichewa, amayi a tcheya nkubwereza m'Chitumbuka, panali zii ngati pamaliro. Amayi 6 anati iwo atuluka, sangasenze ngongole ya munthu wina. Ena 14 akufunabe, koma tapempha kuti ndalama zitsike, aliyense atenge K50,000 kaye. Sitinasaine. Akuti abweretsa pepala la m'Chichewa sabata ya mawa. Mlamu wanga atamva za "guarantor" anati chitupa chake chasowa.

NyaLongwe wa ku Zolozolo: Chisapezeke msanga chitupacho.

Adada a Vitumbiko: Pepala la m'Chichewalo likabwera mulijambule mutitumizire. Ndikufuna ndione kuti pa mzere wachiwiri uja alembapo chiyani. Akalembapo mboni, mulibweze.

Mnyamata wa Kabaza: Aphunzitsi, ine ndili ndi langa. Bwana wa njinga wandipatsa pepala akuti tikamaliza chaka njingayo idzakhala yanga. Pamwamba alemba "hire purchase", koma m'kati muli "deposit" pena "instalment", ndipo pamzere wina akuti "non-refundable". Ndijambule nditumize pano kapena ndibwere nalo ku Katoto?

Aphunzitsi Opuma: Bwera nalo madzulo ano, ubwerenso ndi malisiti onse omwe wakhala ukulipira. Ukafika ku Katoto undiimbire, ndidzakulondolera. Usasaine panjira.